Wandevu wa M'sitolo ya Mbewu

6 Epulo

Bambo a kunyumba,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo bondo lija silikukuvutani. Ine ndinafika bwino, kungoti m'ndege miyendo inatupa mpaka nsapato zinakana. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni mumangoti "Ee? Mwati chiyani?" mpaka mayunitsi kutha.

Mwana wathu, Anesi athu aja, akupeza bwino. Bala la opaleshoni yobereka likuuma, koma sakuloledwa kunyamula zolemera. Kamdzukulu ndi inu ndithu: chipumi, makutu, ngakhale kakwiyidwe kake bere likachedwa. Mpongozi wathu ndi munthu waulemu, amachoka m'mamawa n'kubwera madzulo.

Nyumba yawo ili pamwamba penipeni pa nyumba yosanja. Kulibe bwalo, kulibe dothi. Masiku oyamba manja ankandiyabwa. Ndinapeza duwa pa windo, ndikumalithirira m'mawa uliwonse, mpaka mwana wanu anandiuza kuti ndi lapulasitiki.

Lachiwiri ndinatuluka ndi kamdzukulu m'kangolo kake kuti mayi ake agoneko. Misewu ya kuno ndi yofanana, ndiye ndinasochera. Ndikuzungulirazungulira ndinangoona chipata chachitsulo chili pululu, anthu akulowa osalipira. Bambo, ndi munda wa maluwa, waukulu woti simungauone pothera. Pakati pake pali nyumba ya magalasi yoposa tchalitchi chathu. Kunja kukuzizira, koma m'katimo thukuta kamukamu ngati kwathu. Muli nthochi, mapapaya, ngakhale nzimbe, chilichonse ndi kachikwangwani ka dzina lake, anthu akujambula. Ndinaseka ndekha. Nthochi imene kwathu mbuzi zimaidya masamba, kuno ili ndi mlonda.

Nditatulukira chipata china ndinapezeka m'kamsewu kopapatiza. Pakati pa ometa tsitsi ndi okonza njinga pali sitolo ya mbewu. M'kati mwake muli timadilowa tamatabwa kuyambira pansi mpaka kudenga, kalikonse ndi mbewu yake. Pakhomo anandandalika mbande m'timiphika. Mukudziwa khalidwe langa, ndinatsina dothi la m'kamphika kena n'kulinunkhiza. Nditatukula mutu, mwini sitolo akundiyang'ana uku akuseka. Ndi bambo wachikulire, wandevu zoyera, wovala epuloni yobiriwira. Ndinachita manyazi, koma iye anatsinanso dothilo, nanunkhiza, kenaka anandionetsa manja ake. Zikhadabo zakuda, ming'alu m'zala, ngati anga. Chinenero sitimvana, koma pamenepo tinamvana.

Ndinamuonetsa kapepala ka adiresi. Anatseka sitolo n'kundiperekeza mpaka pa mphambano ya kwathu. Kunali kufupi, ine ndimangozungulira ngati galu wofuna pogona.

Tsono za kumeneko. Duwa langa la rozi lachikasu, la m'chidiramu pakhomo lija, muzilithirira m'mawa, patsinde, osati pamasamba. Musaiwale kuti ndi lokhalo. Ndinalilera kuchokera ku njere inu mukunena kuti silidzaphuka, ndipo sindinalichulukitse. Mundiuze za pampu, za mbande za malalanje, ndiponso ngati mukudya.

Ine mkazi wanu.

24 Epulo

Mayi a kunyumba,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndathokoza Mulungu kuti mwana wathu ndi kamdzukulu ali bwino. Bondo lilipo, silinapite kulikonse.

Kuno ku nazale kulibe zachilendo. Chiswe chinalowa m'machubu a malalanje a kumpanda, ndathira phulusa. Pampu ikutsokomola koma ikutulutsa madzi. Asukulu aja anabwera kudzatenga mbande za mitengo ya mthunzi. Makasitomala akufunsa kuti mkazi wa Amaluwa abwera liti, ine ndikumayankha kuti akatopa nazo zakunja.

Kalata ija ndaiwerenga mofatsa. Kamdzukulu mwakapatsa timizere tochepa, ine mwandipatsa bondo, koma wandevu mwamupatsa tsamba lathunthu, ndi epuloni yake yomwe. Sindikudandaula, ndikungonena zimene maso aona. Munthu wotseka sitolo dzuwa lili paliwombo kuti aperekeze mkazi wa mwini, ndiye kuti malonda sakumuyendera. Kapena kumeneko kulibe apolisi olozera anthu njira?

Za nyumba ya magalasi ndamva. Ine ndagwira dothi kuyambira ndili mnyamata, ndipo zoterezi ndimangomva kwa anthu. Inu mwazipeza mwa kusochera. Zili bwino, mwayi sulingana. Koma musatengeke kwambiri. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Maluwa okulira m'galasiwo muwatulutse padzuwa lathu lino muone ngati angafike Loweruka.

Ndipo pamene mukuonetsana zikhadabo ndi anthu, muzikumbukira amene anakuphunzitsani kugwira mpeni womezanitsira mitengo. Munabwera pakhomo pano musakudziwa kusiyanitsa mbande ya ndimu ndi ya lalanje.

Duwa lanu ndikuthirira. Kudya ndikudya. Mukamatuluka ndi mwana muziyenda msewu umodzi womwewo, wopanda masitolo.

Ine mwamuna wanu.

11 Meyi

Bambo a kunyumba,

Moni wa kuno ndi wabwino, kaya inu kumeneko. Nsanje pa ukalamba, bambo? Ndinaseka mpaka Anesi anabwera kudzaona ngati ndatsamwa. Kamdzukulu kayamba kumwetulira. Onani, ndayamba ndi iko kuti musawerengenso mizere.

Koma nkhani ndili nayo, ndipo ndilibe wina woti angaimve kukoma kwake kuposa inu. Ndinapita ndi Anesi ku sitolo kuja kukathokoza. Atamva kuti kwathu tili ndi nazale, bambo uja anatiitana kuti tikaone yake, kumene kumachokera mbande za m'sitolo. Loweruka anatitenga pa galimoto yake ya katundu, ine, Anesi ndi mwana.

Ndi kunja kwa tauni. Mashedi a pulasitiki ataliatali ali ndondondo. Madzi sathirira ndi keni, amangofayira okha kuchokera m'mapaipi a kudenga nthawi yake ikakwana. Dothi m'timiphika amathira ndi makina. Ndinakumbukira misana yathu, mmene timadzazira machubu ndi chikombole, tsiku lonse chiweramire. Kuseri kuli munda wa marozi okhaokha, mitundu yoti sindinaionepo, ena ofiira mpaka kuderako. Ndinati abambo akanakhala pano.

Anandipatsa mpeni wake kuti ndiyese kumezanitsa. Mamezanitsidwe awo ndi ena, amangochotsa kadiso kamodzi n'kukalowetsa pansi pa khungwa. Ndinaphonya awiri, wachitatu unakhala. Iye anayang'ana n'kugwedeza mutu. Ndiye anafunsa kudzera mwa Anesi kuti, "Kwanu mumagwira ntchito yanji?" Ndinati, "Ndine mkazi wa Amaluwa." Anesi atamasulira, iye anati, "Za amuna anu ndamva. Nanga inuyo?" Funso limeneli landiima pakhosi ngati munga wa nsomba.

Mkazi wake anamwalira kalekale, ana ake safuna za dothi. Sitolo amagwira ndi mlongo wake. Bamboyo wanena kuti ndizipita m'mawa kukaphunzira mpaka nyengo yomezanitsa ithe. Si ntchito yolipidwa, mapepala anga salola. Anesi abwerera ku ntchito yawo ya ku chipatala mwezi wamawa, azigwira masana, ndiye m'mawa ndizikhala womasuka. Nawonso akuti ndisapite mu Juni monga tinapanganira, ndikhale mpaka Sepitembala. Ndati ndiyambe ndamva kwa inu. Zimene ndiphunzirezi n'zathu tonse.

Ndaikamo chithunzi chimene Anesi anatijambula m'munda wa marozi. Epuloni ndavalayo ndi yobwereka. Taonani maluwa ali kumbuyoko.

Ine mkazi wanu.

27 Meyi

Mayi a kunyumba,

Ndili bwino kwambiri, kuposa mmene mungaganizire. Ndakondwa kuti kamdzukulu kakumwetulira. Kakadziwa zimene agogo ake akuchita kadzaseka kumene.

Chithunzi ndaona. Maluwa a kumbuyo sakuoneka bwino chifukwa munthu wina wadzaza malo. Dzanja lake lili pafupi ndi phewa lanu. Mwina ndi mmene amajambulitsira kumeneko, ine sindinayendepo. Koma kuseka kumene mwasekako, mano onse pamtunda, pa chithunzi cha ukwati wathu kulibe.

Mwati mumve kwa ine. Khalani. Musafulumire. Ngakhale Sepitembala akachepa muonjezere. Mukapezanso yankho la funso lakuimani pakhosi lija mundiuze, kuti nane ndidziwe amene ndakhala naye zaka zonsezi.

Za ine musade nkhawa. Atelala a kuseri kwa mpanda, aja anaferedwa amuna chaka chatha, andimvera chisoni. Akumabwera m'mawa kudzandithandiza kuthirira asanatsegule makina awo. Keni yanu yawakwana bwino m'manja, ndipo chipewa chanu cha mlaza ndinawabwereka kuti dzuwa lisawapweteke. Malaya anga onse tsopano ali ndi mabatani. Madzulo akumandipatsira ndiwo pampanda, mchere wake wokwanira bwinobwino. Dzulo anandifunsa mmene ndimadziwira kuti mbande yakwana kuwokera, ndipo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Alipo anthu amene amaonabe kuti Amaluwa akudziwa kanthu.

Duwa lachikasu lija ankalisirira tsiku ndi tsiku, ndiye ndawapatsa. Tinalikweza pa wilibala ndi chidiramu chomwe. Inu kumeneko muli ndi munda wonse wa marozi, ofiira mpaka kuderako. Limodzi silingakusoweni.

Mupereke moni kwa Anesi ndi mpongozi. Kwa ena onse, mudziwa nokha.

Ine mwamuna wanu.

21 Juni

Mayi a kunyumba,

Muli bwanji kumeneko? Ine ndilipo. Ku positi ndapitako kangapo, bokosi lili mbee. Kalaliki wa kumeneko wayamba kundipukusira mutu ndisanafike pa kauntala. Ndinaimba foni, Anesi anati muli kubafa. Ndinaimbanso tsiku lina, muli kubafa komweko.

Ngati mukudwala ndiuzeni. Ngati kalata yanga ina sinakusangalatseni, munthu amayankha, sakhala chete. Kuno kwazizira, mbande za mapapaya zapserera nsonga.

Ine mwamuna wanu.

4 Julayi

Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino. Ife tili bwino, mwana akukula. Amayi sakudwala. Sakufuna kukulemberani, ndiye ndalemba ndine, iwo sakudziwa. Mundikhululukire ngati ndilankhule mopyola msinkhu wanga.

Kalata yanu yonena za Atelala inafika ine ndili pomwepo. Amayi anaitsegula akumwetulira. Atafika kumapeto anaipinda bwinobwino, analowa kubafa, n'kutsegula mpopi. Madzi anatayika nthawi yaitali, koma kulira kunkamvekabe. Ine chibadwire sindinawamvepo akulira chotero, ngakhale pa maliro a agogo. Atatuluka anangoti, "Chipewa changanso." Basi.

Tsono ndikuuzeni zimene simukuzidziwa, ngakhale ndikuchita manyazi. Simunalakwe kwenikweni pa za bambo a m'sitolo aja. Amawafuna amayi. Tangoganizani, womasulira ndinali ine. Munthu wamkulu, chipewa m'manja, kundiuza ine kuti ndifunse mayi anga ondibala ngati kwawo akukhala mokondwa, ndiponso ngati angaganizeko zokhala kuno. Ndinafuna pansi patang'ambika ndilowe. Amayi anaseka, anati, "Uwauze kuti ndili ndi mdala wanga wovuta, koma ndi wanga." Iye anapepesa mwaulemu, nkhani inathera pomwepo. Zimenezi zinachitika kalata yanu isanafike.

Chifikireni kalatayo zinthu zasintha. Kale ankapita ku nazale masiku ena, tsopano ndi tsiku lililonse. Agula mpango watsopano. Ayamba kuphunzira chinenero cha kuno, akumayeseza mawu pamene akusambitsa mwana. Sabata yatha bambo aja anabwera kudzasiya thireyi ya mbande za pa windo, amayi anawaphikira tiyi, ndipo sanandiitane kuti ndimasulire. Sindikunena kuti pali china. Ndikunena kuti chitseko chimene amayi anatseka okha, inu mwachikankha kuchokera kumeneko.

Nanenso ndili ndi dandaulo langa. Ndinaitana amayi kuti andithandize mwana, koma ndikulimbirana ndi mbande. Ndikafika kuchokera ku ntchito, nkhani ndi ya marozi, ndikafunsa ngati mwana wamwa mkaka amayamba aganiza kaye. Ndakula ndikudziwa kuti pakhomo pathu woyamba kumwa madzi ndi mbande, ana pambuyo. Ndimayesa kuno zikhala zina.

Ababa, Atelala aja mumawafunadi? Ngati ayi, konzani zimene mwaononga, ndipo mufulumire. Tikiti ya amayi tinaisinthira mu Sepitembala, koma dzulo anandifunsa ngati ingasinthidwenso.

Ine mwana wanu.

18 Julayi

Mayi a kunyumba,

Ndikupereka moni, kaya muulandira. Anesi andilembera. Musawakalipire.

Tsiku lomwe ndinawerenga kalata yawo ndinatenga wilibala n'kupita kwa Atelala kukatenga duwa lanu. Ndinkayesa ndi nkhani yaing'ono. Ndinapeza analichotsa m'chidiramu n'kulibzala pansi, pakhomo pawo penipeni, atalizunguliza njerwa zopaka laimu. Anandilandira ndi mpando, ati, "Mwabwera masana lero, anthu aona." Pamakina pawo panali nsalu ya malaya aamuna. Anati akusokera ine, muyeso anatengera pa malaya amene ankaika mabatani aja.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira. Mayi uja duwa lija analitenga ngati mawu omufunsira. Anauza kale achemwali ake, ndipo azimayi a kwaya onse akudziwa kuti mkazi wa Amaluwa wakwatiwa kunja, sabweranso. Amene anawauza zoti kuli wandevu ndi ine, pothirira paja. Pakamwa panga pomwe.

Ndinati, "Mayi, pepani, duwali ndinapereka si langa. Mwini wake akulifuna." Anati, "Ndiye ine ndinali chiyani? Nyambo?" Anati, "Amuna anga anali osauka, koma sanandigwiritsepo ntchito yokwiyitsira munthu wina." Analowa m'nyumba, anatuluka ndi sizasi yaikulu yodulira nsalu. Ndinayesa akubwera kwa ine. Anapita pa duwa, n'kumadula nthambi imodziimodzi, uku akulira. Minga inawabaya m'manja koma sanasiye. Kenaka anazula chitsa n'kuchiponya pa wilibala, chipewa chanu pamwamba. Ndinakankha wilibala ija msewu wonse, anthu ali m'makonde kuonerera.

Mayi uja sanalakwe. Ndikadutsa pa mpanda amatseka windo.

Chitsa ndachibwezera m'chidiramu, pamthunzi. Mizu yambiri inaduka. Nthambi ndinatola zonse, ndazidula timitengo n'kuzika mumchenga, koma tikuda kuyambira pansi, kamodzikamodzi. Ndayesa zonse zimene ndikudziwa. Ndaona kuti timitengo ta marozi pakhomo pano amene ankazika ndi inu, ine ndinkangogulitsa. Ndiuzeni mumatani kuti timere mizu.

Za wandevu sindinasinthe maganizo. Munthu wofunsira mkazi wa mwini kudzera mwa mwana wake ndi wopanda manyazi, ngakhale avule chipewa. Ndikamuganiza akumwa tiyi wophika inu, chakudya chimandikanika. Koma tikiti ija musaisinthenso. Ndapota nanu.

Ine mwamuna wanu.

3 Ogasiti

Bambo,

Moni ndalandira. Ife tili bwino.

Ndiyambe ndi duwa, popeza silinalakwe kanthu. Timitengo mwazika mumchenga wonyowa kwambiri, n'chifukwa chake tikuola. Ngati katsalako kobiriwira, kaduleninso pansi pa mfundo, muchotse masamba kusiya awiri, mukazike mumchenga wosakaniza ndi makala osinja, muvundikire ndi botolo lodula. Musakagwiregwire kuona ngati kamera, ndikukudziwani. Chitsa musachithire manyowa. Chisiyeni, chiganize chokha.

Chipewa chiwotcheni. Keni mutsuke ndi phulusa.

Mukuti mayi uja sanalakwe. Mwayamba kumuikira kumbuyo? Ine ndakhala ndikumuona kuyambira amuna ake ali moyo, kubwera kudzagula kambande kamodzi n'kukhala ola lathunthu akufunsa mafunso oti ngakhale mwana angayankhe, inu mukufotokoza chifuwa chili patsogolo. Mabatani! Zaka zonsezi mabatani anu ankadzisoka okha? Ndipo mchere ndimachepetsa chifukwa adokotala ananena za magazi anu. Idyani wokwanira bwinobwinowo, tidzakuoneni.

Komabe mayiyo mwamulakwira, ndipo mwandilakwira ine pomulakwira iye. Tsopano ndidzayenda bwanji mumsewu umenewo?

Mwafunsa kale kuti ndikapeza yankho la funso lija ndikuuzeni. Sindikubisirani. Tsiku lina ndinaima pakati pa munda wa marozi uja ndi mpeni m'manja, ndinaganiza kuti ndikhoza kukhala kuno. Sindinkaganiza za ndevu za munthu. Ndinkaganiza kuti kuno ndikagwira ntchito pamakhala wina woiona. Kwathu kasitomala akayamikira duwa mumati, "Ee, ndinalivutikira," ine ndili pomwepo ndi matope m'manja. Sindinkadandaula chifukwa sindinkadziwa kuti zimandipweteka.

Bambo uja anafunsanso, ulendo uno popanda womasulira. Ndinamuyankha ndekha ndi timawu tanga tochepa. Ndinati ayi. Anandigwira chanza, ndipo mawa lake anandiphunzitsa ntchito monga mwa masiku onse. Mumutchule wopanda manyazi ngati mukufuna, koma iye atakanidwa sanazule duwa la munthu.

Tikiti sindinasinthe. Ndibwera mu Sepitembala, nyengo yomezanitsa ikatha, osati chifukwa mwapota nane. Ndikadzafika, malo onse a kuseri kwa thanki ya madzi ndi anga. Ndidzabzala zimene ndikufuna, ndidzagulitsa ndekha, ndipo wofunsa za marozi muzidzamulozera kwa ine. Sindikupempha.

Bondo muzilikulunga, kukuzizira.

Ine mkazi wanu, mpaka pano.

20 Okutobala

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi kamdzukulu. Chithunzi cha timano take tiwiri tachilandira, chili pa kabati.

Wafunsa mmene zinthu zilili kuno, popeza mayi ako pa foni amangoti zili bwino. Ndikuuze ine.

Ndinakawachingamira ku depoti nditavala jekete. Anatsika basi atavala mpango watsopano uja, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Mwaonda." Ndinati ndi mchere. Sanaseke, koma chikwama anandipatsa kuti ndinyamule.

Duwa lija linafa. Chitsa chinauma, timitengo tonse tinada. Atafika pakhomo anaima pa chidiramu, anakanda khungwa ndi chikhadabo, anaona kuti m'kati mwauma. Anachizula okha n'kukachiponya pa kompositi. Mtundu umene uja sudzapezekanso kulikonse, ndipo wopha ndine.

Mawa lake anavala bwino n'kupita kwa Atelala okha. Anakhalako mpaka dzuwa kupendeka. Zimene anakambirana sindikudziwa. Ndinafunsa, anati si za amuna. Chimene ndikuona n'chakuti awiriwo akumapatsana moni pa mpanda, koma ine onse awiri akumandiyang'ana mofanana.

Kuseri kwa thanki tsopano ndi dziko lina, ine ndimalowako ndi chilolezo. Mbewu zimene anabwera nazo, zija munazitengera mapepala a chilolezo, zamera pafupifupi zonse. Amanga kashedi ka pulasitiki, ndinawathandiza kukhoma mitengo. Akumezanitsa mwa njira ya kumeneko, ndipo ndisaname, ikugwira msanga kuposa yanga. Ndinaima kumbuyo kwawo kuti ndione mmene akuchitira, anati, "Mukunditchinga dzuwa. Khalani pansi ndikuonetseni." Ndinakhala. Koma mpeni umene akugwiritsa ntchito ndi wa wandevu, anawapatsa potsanzikana. Amaupukuta ndi kansalu kakekake. Wanga ndinaunola bwino n'kuwaikira poonekera, sanaukhudze.

Tsono nkhani ndi iyi. Mayi ako akuti chaka chamawa, iwe ukadzafuna wokhala ndi mwana, adzapite ndine, iwo adzatsale ndi nazale. Akuti ndikaone ndekha minda imeneyo kuti ndileke kuinyoza, ndipo akuti wandevu anamuuza kale kuti adzandilandire. Ine ndinati sindingapite kukagwirana chanza ndi munthu ameneyo. Komabe undiuze zimene zimafunika pa pasipoti, ndingodziwa chabe. Undiuzenso ngati kumeneko mathewera a mwana ndi ovuta kumanga.

Pali china, ichi usawauze mayi ako. Pa chithunzi cha m'munda wa marozi paja munthu uja anaima pokwera, kapena ndi mmene alili? Ndi wamtali kuposa ine? Undiuze zoona.

Ine bambo ako.

Mwanawe, ndine mayi ako. Kalatayi anaisiya pa tebulo akukasaka guluu womatira envulopu, ndiye ndawerenga. Ndi wamtali, uwauze. Pasipoti ayambe kukonza mwezi uno. Koma akadzafika, m'sitolo muja muli mlongo wake wa bambo uja, wamasiye, woseka ndi aliyense, ndipo amakonda kufunsa mafunso. Usadzawasiye okha pa kauntala.